Mayi Rozaria ndi Mtedza wa Mlendo

Tsiku la msika pa Chiringa, mukangodutsa pamene amakonzera njinga, mupeza mayi wina atakhala pathumba lopindapinda, lichero lili pamiyendo, maso ali pansi. Amenewo ndi Mayi Rozaria Kaliati a ku Nkhulambe. Amagulitsa mtedza wauwisi, wokazinga ndi nsinjiro za m'timapepala. Mukafunsa mtengo akuyankhani bwinobwino, koma musayerekeze kuwayamikira kuti mtedza wawo ndi wosankhidwa bwino. Mawu amenewo amawalasa. Alipo ena pamsikapo, a pakamwa poyabwa, amene amanong'onezana kuti mayiwa anawonongera mwana wawo ntchito. Asa! Munthu nkhani osaidziwa mutu wake, koma kukamwa yasa ngati chitseko cha shabini. Akhale pansi aimve.

Mayi Rozaria anabadwira m'tsinde mwa phiri la Mulanje, mbali ino ya Phalombe. Sukulu analekeza Sitandade 2, koma zala zawo zinaphunzira zimene mphunzitsi sangaphunzitse. Ankati akaika dzanja m'lichero, njere yoipa ankaimva asanaione. Anakwatiwa ndi a Amosi, mkamwini wofatsa, wocheka matabwa kuphiri, munthu woti akaseka mapewa okha ndiwo ankagwedezeka. Ana amene anakula ndi awiri: Mervis, amene anakwatiwa pamudzi pomwepo, ndi Atikonda, chitsiriza.

Tsono mumve m'mene mtedza umayendera kwathu kuno, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Usanaswe, umauwaza timadzi kuti makoko afewe, zala zingatupe. Ukaswa umapeta, kenako umasankha. Wonenepa, wofiira bwino, wakhungu losalala, umenewo ndi wa kumsika kapena wa mlendo. Wonyala, wosweka, wakuda kumutu, wa kaufa kobiriwira m'kati, umenewo ndi wa pakhomo. Umalowa mumtondo, umasanduka nsinjiro, umakagwera m'chigwada kapena mu nkhwani. Mumtondo njere zonse zimafanana. Ukawawa pang'ono, umawonjezera mchere. Kutaya? Ndani anataya chakudya ku Nkhulambe, wamisala?

Mtedza wa kumsika uja ndi umene unaphunzitsa Atikonda. Mtsikanayo anakhoza Sitandade 8 chaka cha Napolo, anapita kusekondale yogonera konko, kenako ku yunivesite ku Zomba. Kumeneko anaphunzira chinthu chimene mayi ake sanathe kuchitchula mpaka lero, bayokemisitiri, ati sayansi yofufuza zimene chakudya ndi mankhwala zimachita zikalowa m'thupi. Atamaliza anapeza kantchito ka chaka chimodzi m'labotale ina ku Blantyre. Iye ndiye anali wamng'ono pa onse, wotsuka mabotolo ndi kulemba manambala. Koma ku Nkhulambe ankamutchula adokotala basi, akane asakane. Akabwera patchuthi, mayi ake ankamuyalira mkeka watsopano, n'kumukazingira mtedza wa mlendo. Mwana wobala okha, koma sukulu inali itamusandutsa mlendo.

Chaka cha 2001 a Amosi anasiya kukwera phiri. Ankati pansi pa nthiti za kumanja pali mwala. Maso anachita chikasu, miyendo kuwonda, mimba yokha kumakula ngati ya mayi woyembekezera. Atikonda anawatengera kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Madokotala anayeza n'kunena kuti ndi khansa ya chiwindi, ndipo yapita kale patali. Anawapatsa mapilitsi opha ululu, n'kuti akapumule kunyumba. Mukudziwa tanthauzo lake.

Mayi Rozaria matendawa sanali achilendo kwa iwo. Mlongo wawo, a Fraser, anapita chimodzimodzi zaka zinayi m'mbuyomo. Bambo wina kutsidya kwa mtsinje, chimodzimodzi. Anthu ankalankhula zawo, ena ufiti, ena matenda atsopano aja. A Amosi sankatsutsana ndi munthu. Tsiku lina ali pakhonde anangoitana mwana wawo.

"Atikonda, kufa sindikuopa. Koma munthu akalumidwa kuthengo amafuna aone chamuluma. Iwe unaphunzira. Undiuze chandiluma ine n'chiyani."

"Bambo, ndili ndi chimene ndikuganizira, koma kuganiza si umboni. Ndipatseni nthawi."

"Nthawi ukapemphe kwa mwini wake. Ine ndilibe yoti ndikugawire."

Chimene ankaganizira Atikonda chinali chuku, nkhungu ija imamera pa mtedza ndi chimanga zikasungidwa ndi chinyezi. Mitundu ina ya chuku imatulutsa poizoni wosaoneka, amene sapsa pamoto, ndipo munthu akamamudya zaka ndi zaka amamudya chiwindi. Mtsikanayo anavutitsa bwana wake, dokotala wina wa magalasi, miyezi iwiri yathunthu, mpaka bwanayo analola. Pulojekiti yawo inali italandira timabotolo ta mankhwala oyezera poizoniyo kuchokera kunja. Anamugawira tokwana nyumba sikisite, osapitirira. Bwanayo ananena poyera: poizoni akapezeka, pulojekiti ikhazikika ku Nkhulambe zaka zitatu, kuyeza anthu magazi, kugawa malona oyanikira, kuphunzitsa kasungidwe. Akapanda kupezeka, apita boma lina. Mwayi unali umodzi, ngati chipolopolo chimodzi m'mfuti.

Atikonda analemba kalata. Mayi ake anakaiwerengetsa kwa Jalia, mnzawo wa pamsika, Msilamu wogulitsa zitumbuwa, amene akhala naye moyandikana zaka makumi awiri akunyozana tsiku ndi tsiku osadana.

"Akuti abwera Lachiwiri likubwerali ndi bwana wake pagalimoto," anatero Jalia. "Akuti adzalowa nyumba sikisite, ndipo nyumba iliyonse adzapempha kapu imodzi ya mtedza."

"Mtedza? Akatani nawo?"

"Sanalembe. Mwina abwanawo akufuna kutsegula okala."

"Iwe Jalia, mano akowo ndikugulula. Werenga bwino."

"Ndawerenga, amake dokotala. Akuti apita nawo ku Blantyre akauone ndi makina."

Chifukwa chimene Atikonda sanalembere cholinga chake n'chakuti mabuku ake anamuphunzitsa kuti ukauza anthu chimene ukufufuza, amasintha zochita. Mabuku amenewo sanafikeko ku Nkhulambe. Mayi Rozaria anangomva zinthu zitatu: bwana, galimoto, Blantyre. Mtedza wa mudzi wawo ukaikidwa patebulo pamaso pa anthu ophunzira, ndipo pambali pake padzaima mwana wawo. Anakumbukira mtedza umene unali m'miphika ya anzawo, wakuda, wonunkha chinyontho. Anaona m'maganizo bwana uja akuutola ndi nsonga za zala, akufunsa kuti, kodi Atikonda, kwanu mumadya zimenezi? Mtima unawawa ngati aponda minga.

Masiku atatu sanapite kumunda. Anayenda khomo ndi khomo, chitenje chili m'chiuno.

"Achemwali, mwana wanu uja akubwera ndi abwana ake. Akapempha mtedza, chonde musandivule. Mumupatse wa mlendo."

"Ife wa mlendo tinagulitsa kale, amake Mervis. Watsala ndi wa ndiwo."

"Bweretsani kapu."

Ankathira kuchokera m'thumba lawo la kumsika, mtedza umene anasankha okha njere imodziimodzi. Nyumba zoposa makumi awiri zinalandira kapu yotere, zotsalazo zinali ndi wa mlendo wawo. Malonda a milungu iwiri anathera pamenepo ndipo sanadandaule. Inu amene mumaseka, ndani wa inu anagawapo katundu wake mudzi wonse kuti mwana wake asagwetse nkhope?

Lachiwiri galimoto inafika, yoyera, yaitali. Atikonda anatsika ndi timatumba ta pulasitiki tolembedwa manambala. Nyumba iliyonse ankagwada, kupereka moni, n'kufunsa mwaulemu.

"Ndikupempha mtedza umene mumadya pakhomo pano."

"Ndi womwewu, adokotala."

Atafika nyumba ya khumi anaima, n'kuyang'ana timatumba tija. Kenako anayang'ana mayi ake, amene ankayenda pambuyo atanyamula chikwama cha abwana.

"Amayi, bwanji mtedza wa chaka chino wakongola chonchi nyumba zonse?"

Apa ndiye panali pobwerera. Koma bwana uja anali pomwepo, akupukuta magalasi, akumwetulira.

"Mulungu watikomera mtima chaka chino," anatero Mayi Rozaria.

Bwanayo anagwedeza mutu, nati alimi a kuno ndi aukhondo. Mawu amenewo mayiwo anawasunga ngati mendulo. Anakawauza a Amosi, anakamuuza Jalia, anawanena ngakhale kumpingo.

Mwezi wa Okutobala Atikonda anabwera yekha, pa minibasi ndi njinga yakabaza. Nkhope inali itagwa. Anakhala pansi pafupi ndi mphasa ya bambo ake.

"Bambo, ndayeza zonse sikisite. Poizoni ndi wochepa kwambiri, mwina mulibiretu. Chimene ndinkaganiza chija si chimenecho. Lipoti latumizidwa kale. Pulojekiti ipita kwina."

Mayi Rozaria anaomba m'manja. "Ndiye wakhoza mtedza wathu! Nanga ukuliranji?"

A Amosi anayang'ana kudenga nthawi yaitali.

"Ndiye kuti chandiluma chilibe dzina," anatero.

Anamwalira sabata yachiwiri ya Novembala, mvula yoyamba isanagwe.

Tsiku lachitatu maliro ataikidwa, abale ena anali asanabalalike, ndipo ndiwo zinafunika. Atikonda, amene masiku onse ankaletsedwa kugwira ntchito za kukhitchini, anazungulira kuseri kwa nyumba kukafuna madzi. Anapeza mayi ake ali pamtondo, lichero lili pambali. Anawerama, natapa dzanja limodzi. Njere zonyala, zakuda, zina zomatana ndi ulusi wa nkhungu. Anaswa imodzi ndi chikhadabo, kaufa kobiriwira kanatuluka.

"Amayi, uwu ndi wa nkhuku?"

"Nkhuku zidye mtedza, zalemera liti? Ndi wa ndiwo uwu."

"Umenewu ndi umene mumadya?"

"Nanga tidye uti?"

"Bambo ankadya umenewu?"

"Zaka makumi atatu. Ankakonda chigwada chotendera, ukudziwa wekha."

"Nanga uja munandipatsa uja? Uja anandipatsa mudzi wonse uja?"

Mayi Rozaria anaimika munsi. Anayamba kufotokoza monyadira ndithu, za masiku atatu aja, za makapu aja, za thumba lawo la kumsika. Ali m'kati molankhula anaona mwana wawo akukhala pansi padothi, ndi diresi lake la maliro, manja ali kumutu.

Atikonda sanakalipe. Bola akanakalipa. Anafotokoza pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa mwana, za chuku, za timadzi towaza pa makoko tija, za chiwindi. Ananenanso kuti khansa imeneyi ili ndi zoyambitsa zina, kuti sanganene molumbira kuti ndi mtedza unapha bambo ake. Koma mayi ake mbali imeneyo sanaimve. Anangoyang'ana mtondo, mtondo umene a Amosi anawasemera ndi manja awo chaka chimene anakwatirana.

"Ukanandiuza," anatero potsiriza.

"Mukanandifunsa," anatero mwana.

Onse awiri ankanena zoona, ndipo zoonazo sizinathandize aliyense.

Mayi Rozaria si munthu wokhala pansi n'kumalira. Atikonda atabwerera ku Blantyre, iwo, ali ndi mpango wakuda kumutu, anayambanso ulendo uja, khomo ndi khomo, nyumba zomwe zija. Ulendo uno unali wowawa.

"Achemwali, ndipatseni kapu ya mtedza wa ndiwo. Weniweniwo. Woipitsitsawo."

"Inu amake Mervis, dzana munati tisakuvuleni, lero mukufuna mutivule ife?"

"Ndivuleni ine. Thirani."

Ena anapereka, ena anawatsekera chitseko, ena anati chisoni chawasokoneza mutu. Anasonkhanitsa makapu makumi anayi ndi awiri, onse m'thumba limodzi la feteleza lochapa bwino. Anapalasa njinga mpaka pa Chiringa, anaisiya kwa Jalia, anakwera minibasi, thumba lili pamiyendo. Blantyre anali asanapiteko okha chibadwire. Anafunsa njira kasanu, ndipo anafika pa labotale dzuwa litapendeka, fumbi mpaka m'nsidze.

Atikonda atatsegula thumba anatseka maso.

"Mwasakaniza, amayi."

"Eya, kuti lisavute kunyamula."

"Pamafunika nyumba iliyonse payokha, ndi nambala yake. Komanso mankhwala oyezera aja anatha. Onse sikisite ndinathera pa mtedza wanu wa kumsika."

"Ukagule ena. Ndigulitsa mbuzi."

"Sagulitsa m'Malawi muno. Ndipo mbuzi khumi sizingakwane."

Komabe anawalowetsa m'kachipinda kopanda zenera, natseka chitseko. Anathira mtedza pambale, nauphwanya, nayatsa kanyali kofiirira. Mu mdima muja tizidutswa tina tinayamba kuwala, kobiriwira kosakanikirana ndi chikasu, ngati ziphaniphani zagwera m'mbale.

"Ndi chimenecho?" ananong'ona mayiwo.

"Mwina. Nyaliyi imangokayikitsa, si umboni. Abwana amafuna nambala."

"Aitane abwere aone ndi maso awo!"

Bwana uja anabweradi, munthu waulemu wake. Anayang'ana, anapukusa mutu, anapepesa za maliro. Anati lipoti linapita, eni ndalama anasankha kale boma lina, firiji ndi makina zinyamuka kumapeto kwa mwezi. Za Atikonda sananene kanthu, koma kontirakiti yake itatha mu Disembala palibe anamuitananso. Wofufuza amene ananyengedwa ndi mudzi wake womwe, ndani amulembe? Anakapeza ntchito yophunzitsa sayansi pa sekondale ina yapulaiveti ku Limbe.

Tsiku lija la ku labotale, Atikonda powaperekeza mayi ake kudepoti anawauza kuti, "Thumbali mubwerere nalo, ine ndilibe posunga. Mulipachike pouma. Ndipempha kwa anzanga, mwina wina angandigawire kabotolo kamodzi kapena tiwiri. Ngakhale nambala imodzi yokha, ndidzakhala ndi choonetsa. Koma amayi, chonde, musadye. Ndipo wina aliyense asadye."

Atafika kwawo, Mayi Rozaria analipachika kumtanda wa denga, pamwamba pa malo amene a Amosi ankagona. Anasiya kuwaza madzi pa makoko, zala zinatupa, sanasamale. Pamsika ankauza aliyense za chuku mpaka anthu anayamba kuwathawa. Mayi wina anawafunsa kuti, "Chabwino tamva, titaye. Ndiye mutipatsa chiyani choti titendere?"

Kenako inafika njala ya 2002. Amene munaliko simufuna kukumbutsidwa. Chimanga chinasowa ngakhale kwa amene anali ndi ndalama m'manja. Makaka, chinangwa chouma chija, anatha mu Januwale, nandolo anali atatha kalekale. Anthu anadya gaga, gaga atatha anakumba zitsa za nthochi. Mwamuna wa Mervis anawoloka kupita ku Mozambiki kukafuna ganyu, osabwerako. Mervis anasamukira kwa mayi ake ndi ana atatu.

Ana sadziwa za umboni. Ankagona chagada pamphasa, maso ali kudenga, pa thumba lija.

"Agogo, m'menemo muli chiyani?"

"Mankhwala a makoswe."

"Bwanji akununkhira mtedza?"

Anapirira milungu itatu. Tsiku limene wamng'ono analephera kuimirira kuti apite kuseri, Mervis anagwada pamaso pa mayi ake.

"Amayi, poizoni wa Atikondayo amapha pa zaka zingati?"

"Akuti makumi awiri, mwina atatu."

"Njala imapha pa masiku angati?"

Mayi Rozaria anakwera pampando, namasula chingwe. Anathira m'lichero, ndipo zala zija zinayamba ntchito yake. Pa zoipa anasankhamo zoipa pang'ono, nasinja, nathira m'phala la gaga. Zotsala anabweza m'thumba, nati izi zokha ndi za Atikonda. Patatha masiku anayi anasankhanso. Kenako anasankhanso. Ulendo womaliza panalibe chosankha. Anakhuthula thumba lonse mumtondo, nalikung'untha, ndipo posinja anayang'ana kumbali. Ana onse atatu anafika nawo pa chimanga chachiwisi.

Kalata inabwera mu Epulo. Jalia, amene njala inamusiya ndi khosi ngati la nkhuku, anaitsegula pamsika pomwepo.

"Akuti moni. Akuti mnzake wina wa ku Lilongwe wamugawira timabotolo tiwiri, tatsala mwezi umodzi kuti tiwonongeke. Akuti mubwere nalo msanga thumba lija." Jalia anatsitsa kalata. "Thumba lake liti, amake dokotala?"

Mayi Rozaria anali atalikhalira thumbalo, lopindapinda, pamalo pomwe amakhala mpaka lero. Mtedza wakale unali utatha m'mudzi monse, watsopano unali usanakumbidwe.

Jalia anayang'ana pansi, naona. Kwa nthawi yoyamba pa zaka makumi awiri sanapeze chonyoza. Anang'amba pepala pakope lake, nanyowetsa pensulo ndi lilime.

"Ndiyankhe kuti chiyani?"

Mayiwo anasuntha njere ziwiri zitatu m'lichero lopanda kanthu kwenikweni.

"Lemba kuti ana a Mervis onse ali moyo."

"Basi?"

"Basi. Ndi wophunzira, amva."